Chigoba cha Mwana ndi Mantha a Mudzi

Mwezi wa Okutobala ukamapita kumapeto, ku Chileka ndi ku Lirangwe dzuwa limakhala likuswa mtengo, anthu ali kalikiliki kugalauza minda, ndipo kandalama kalikonse kamene kapezeka kakudikira fetereza ndi mbewu. M'masiku omwewo mafoni amadzaza ndi zithunzi za mabanja a ku America atadzisandutsa zinthu zoopsa: bambo wavala ngati namapopa wa mano otuluka, mayi ngati mfiti ya chipewa chosongoka, mwana ngati mafupa oyenda okha, khanda alikulunga ngati dzungu. Umenewo ndi usiku wa Halloween, wa pa 31 Okutobala. Kale zimenezi zinkathera m'mafilimu, koma lero malo ena achisangalalo mumzinda wa Blantyre amaitanira anthu ku maphwando a usikuwu, ndipo wakaunjika pa Lunzu akamasula belo nthawi zina amavumbulula kamkanjo kakuda kapena kadiresi ka mapiko kamene mwana wa kutsidya la nyanja anavala kamodzi n'kukataya. Mwana amene waona zithunzizo pafoni ya mlongo wake salephera kufunsa kuti kodi ifenso sitingavale. Makolo ali ndi mayankho awiri okonzeratu: wina amati ndalama zake zili kuti, wina amati zimenezo n'zausatana. Yankho loyambalo silichedwa kugwa, chifukwa thumba lakutha, katoni ndi singano zimapezeka pakhomo lililonse. Lachiwirilo ndilo loyenera kulikhalira pansi, ndipo ine ndikuti likuloza pangozi yeniyeni koma likuitchula dzina lolakwika. M'nsalu mulibe chiwanda. Komatu chovala chimalankhula, ndipo chimene chikunena sagamula ndi wosoka kapena wovala, amagamula ndi mudzi umene ukuchiona. Funso loti kholo lidzifunse lisanatole singano ndi lakuti: mantha amene chovalachi chikuseweretsa, kuno kwathu anafa kapena akadali moyo, ndipo akadzuka aluma yani?

Tiyambe ndi amene amati tsikulo palokha ndi la Satana. Mbiri yake ndi yosakanikirana kuposa mmene maulaliki ena amaifotokozera. Anthu akale a ku Ireland anali ndi chikondwerero chotchedwa Samhain, chotsekera nyengo yokolola ndi kutsegulira miyezi yozizira ya usiku wautali. Mpingo wa ku Roma nawo unali ndi zake pamasiku omwewa: Papa Gregory III, amene anali pampando kuyambira 731 mpaka 741, anapatula kachipinda kopemphereramo kolemekeza oyera onse m'tchalitchi cha Petro Woyera, ndipo pofika zaka za m'ma 800 tsiku la 1 Novembala linkasungidwa m'maiko ambiri a ku Ulaya ngati la Oyera Onse. Pambuyo pake Odilo, mkulu wa amonke a ku Cluny ku France, anakhazikitsa 2 Novembala kukhala tsiku lopempherera akufa. Usiku wa pa 31 Okutobala ndi wolowera m'masiku awiriwa. Osauka ankayenda khomo ndi khomo kulandira timikate polonjeza kupempherera akufa a panyumbapo, ndipo ku Scotland ana ankadzisintha maonekedwe n'kumaimba m'makomo kuti apatsidwe zipatso kapena timakobidi. Mpaka lero akatswiri a mbiri yakale amakangana kuti mbali yochokera ku Samhain ndi iti, yochokera kumpingo ndi iti. Chodziwika n'chakuti njala ya ku Ireland ya 1845 mpaka 1852 inasamutsira anthu ochuluka ku America, mwambowo unapita nawo, ndipo kumeneko unasanduka malonda a madola opitirira mabiliyoni 10 chaka chilichonse. Amishoni a ku Scotland amene anatsegula Blantyre mu 1876 ankaudziwa bwino usikuwu, poti mlakatuli wa kwawo Robert Burns anali ataulembera ndakatulo kalekale mu 1785, koma sanaudzale kuno. Wadzatipeza mochedwa, kudzera pafoni ndi m'belo, akufa ndi mapemphero aja atatsalira panjira.

Tsono tingovomereza kuti chiyambi chonsecho chinali chachikunja. Kodi pamenepo mlandu watha? Mtumwi Paulo anakumana ndi funso lolemera kuposa ili ku Korinto, kumene nyama ina ya pamsika inkakhala itayamba yaperekedwa nsembe kwa mafano. M'chaputala 8 ndi 10 cha kalata yake yoyamba kwa Akorinto sananene kuti nyamayo yalowa chiwanda. Anaphunzitsa kuti fano palokha n'lachabe, ndipo Mkhristu angagule nyama pamsika osayamba wafufuza kumene yachokera. Malire anaika awiri: usakhale nawo pamwambo wopembedza fanolo, ndiponso usadye ngati kudya kwakoko kugwetsa mbale wako. Ngati nyama imene inafika paguwa siinyamula mzimu, nanga katoni ya sopo? Mipingo yathu yomwe imachitira umboni mfundoyi chaka ndi chaka mosazindikira. Pa Khirisimasi ana a Sande sukulu amafunda zitenje za amayi awo n'kukhala abusa a ku Betelehemu, mngelo amamera mapiko a katoni, Herode amamata ndevu za khonje n'kuvala chisoti cha pepala lonyezimira. Lachisanu Loyera, pa Njira ya Mtanda, anyamata a paparishi amasanduka asilikali achiroma, mikondo ya nsungwi ili m'manja, wina n'kulola kukhala Yudasi. M'masewero a achinyamata salephera kupezeka wodzipaka makala thupi lonse kuti akhale Satana yemweyo, ndipo palibe mbusa amene amamuika pachilango Lamulungu lotsatira. Mpingo umadziwa bwino kusiyanitsa kusewera ndi kupembedza. Chimene Deuteronomo 18 amaletsa ndi kuombeza ndi kufunsira kwa akufa, ndipo Mkhristu asachite chibwana ndi chiletso chimenecho. Koma mwana amene wavala makutu a kalulu sakufunsira kwa aliyense.

Baibulo likafika pa anthu odzisintha maonekedwe limayang'ana cholinga chawo ndi amene wavulala. Yakobo anavala zikopa za mbuzi kuti anyenge bambo wake Isake amene sankaonanso, ndipo anathawa kwawo zaka zambiri chifukwa cha zimenezo. Sauli anavala zovala zachilendo usiku popita kwa mkazi wobwebweta wa ku Endori, kukachita zomwe iye mwini analetsa. Koma m'masiku a Ahabu mneneri wina anadziphimba kumaso kuti mfumu idziweruze ndi pakamwa pake, ndipo nkhaniyo imamuikira kumbuyo mneneriyo. Nsalu ndi yomweyo, mlandu ndi wosiyana. Ndiye kuti nkhani yonse yagona pamalire achiwiri a Paulo aja, a mbale wako, ndipo apa ndi pamene okonda Halloween amawerenga kalatayo theka n'kuitseka.

Iwo amati ndi nsalu chabe, ana akungosewera. Mawu amenewa angadutse kwina, koma osati m'dziko la Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha Malawi, Zambia ndi Mozambique. Zakudambwe n'za eni ake ndipo siziululidwa m'magazini. Komabe aliyense amene anapondako ku Kungoni pa Mua m'boma la Dedza, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, anadzionera zigoba zoposa 400 ndipo akudziwa kuti zimene maso amaona ndi mtengo wosema, nthenga, masanza, khonje, nsungwi ndi makoko a chimanga. Palibe chochita kuitanitsa ku Johannesburg. Ngati pali anthu padziko pano odziwa kupanga chinthu chogwedeza mtima kuchokera ku zotayidwa, ndi Achewa ndi Amang'anja. Koma Kasiyamaliro kapena Chadzunda akatulukira pabwalo, ng'oma zili pakati, palibe amene amatsegula pakamwa kunena kuti awa ndi makoko. Amayi amayankha nyimbo, ana amabisala kumbuyo kwa zitenje, mwamuna wandevu amapatuka panjira. Mphamvuyo ikuchokera m'pangano la mudzi wonse lakuti wafikayu si mwana wa a uje, ndi mlendo wochokera kwa makolo. Mkhristu kapena Msilamu angakane chiphunzitso chimenecho, ndipo mipingo yakhala ikulimbana nacho kuyambira nthawi ya atsamunda, koma sangakane kuti panganolo limagwira ntchito. N'chimodzimodzi ndi nthambi zimene timayala pamsewu pakagwa maliro. Ndi masamba wamba, othothola pamtengo wa pafupi, koma wanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro, wachipewa amavula. Mwana atayala nthambizo mosewera pakhomo pamene palibe zovuta, palibe wamkulu amene angati musiyeni ndi masamba chabe. Amudzudzula, pakuti wanena chinthu chimene sanadziwe kuti akunena.

Tsono tiufunse mudzi wa kuno kuti chovala cha namapopa chikunena chiyani. Ku America namapopa ndi munthu wa m'buku la Bram Stoker la 1897 ndi m'mafilimu amene anatsatira. Mwana amavala mano apulasitiki, amadontheza utoto wofiira pachibwano, anthu n'kumaseka. Kuno yankho linaperekedwa mu 2017. Mu Seputembala chaka chimenecho mphekesera ya anamapopa inabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu mpaka kulowa mu Blantyre. Anthu ankagona panja m'magulu, anyamata anatchinga misewu n'kumasecha magalimoto, bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ena ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika anachita kupita kumaderako kukaziziritsa anthu mitima. Kutatsala milungu yosakwana iwiri kuti Halloween ya chaka chimenecho ifike, apolisi analengeza kuti gulu la anthu ku Chileka lawotcha mnyamata wa zaka 22 amene ankadwala khunyu, pomuganizira kuti ndi namapopa. Anthu osachepera 8 anaphedwa m'chigawo cha kummwera, ndipo m'masiku omwewo apolisi anamanga anthu 140. Aka sikanali koyamba, poti mphekesera yomweyi inavutitsaponso kumapeto kwa 2002. Mnyamata uja sanavale mkanjo wakuda kapena mano apulasitiki. Kungooneka wachilendo m'maso mwa anthu ogwidwa ndi mantha kunali kokwanira. Kholo limene lingasokere mwana wake mkanjo wa namapopa n'kumutulutsa kunja kutada silinalakwe chifukwa chakuti m'mkanjomo muli mzimu. Lalakwa chifukwa laika mwana wake pamoto, ndiponso laseka pamanda pa mwana wa mnzake.

Chovala cha mfiti n'chovuta kuposa pamenepa, chifukwa ngozi yake sigwera wovalayo. Tachiyang'anitsitsani: nkhalamba yachikazi yowerama msana, mphuno yokhota, mano atatsala awiri, tsache lili m'manja. Nkhope imeneyo timaidziwa. Ndi ya agogo amene amakhala okha kumapeto kwa mudzi, ana awo anamwalira kapena anatchona ku Joni, amene khanda la pafupi likatentha thupi anthu amayamba kuwayang'ana cham'mbali. Ukangowoloka Shire pa Zalewa uli m'boma la Neno, kumene mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo momwe powaganizira ufiti, mphenzi itapha mtsikana. Lamulo la zaufiti la 1911 limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, limaletsanso munthu kudzionetsa ngati mfiti. Kaya lamulolo mumaliona lotani, dziko silisunga lamulo lotere zaka zoposa 100 pa nkhani yamasewera. Mfiti ya ku Ulaya imauluka patsache, ndipo mwana wa kumeneko amanyamula tsachelo mtima uli m'malo. Ya m'nkhani za kuno imauluka palichero. Wina ayese kukhala m'lichero pamphambano ya pa Lirangwe mbandakucha, akamupeza anene kuti amangosewera, tione ngati angafike kupolisi ndi miyendo yake. Mwana amene waphunzitsidwa, ngakhale moseka, kuti mfiti imaoneka ngati agogo, waloweza phunziro limene midzi yathu ikulidziwa kale mopitirira muyeso.

Pano pali wotsutsa wanzeru amene sayenera kupeputsidwa. Iye akuti mantha amafa ndi kuseka. Mukaletsa ana kuvala ngati mfiti, akutero, mwavomereza kuti mfiti n'zoopsa, ndipo mukuthirira chikhulupiriro chomwecho chimene chinapha anthu ku Neno. Asiyeni ana aseke, m'badwo wawo udzakula wopanda mantha. Mfundoyi ili ndi mutu, koma yasokoneza chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Ku Salem, ku America komweko, anthu 19 ananyongedwa mu 1692 pa milandu ya ufiti. Ku Scotland womaliza kuphedwa ndi akuluakulu a boma pa mlandu wotere anali mayi wokalamba, Janet Horne, amene anawotchedwa mu 1727, ndipo lamulo la Britain la 1735 linathetsa milandu yamtunduwu. Anazimitsa motowo ndi makhoti amene anayamba kufuna umboni wogwirika, abusa ndi oweruza amene anachita manyazi ndi magazi amene anakhetsa, kenako sukulu ndi zipatala zimene zinayamba kufotokoza matenda ndi maina ake. Chipewa chosongoka chinadzalowa m'masitolo a zovala za ana patapita zaka pafupifupi 200. Anthu anaseka chifukwa mantha anali atatha kale. Kusekako sikunali mankhwala amene anawathetsa. Ife tikadali pakati pa ulendo umenewo. Amene akufunadi kuti kulozana ufiti kusiye kupha anthu ali ndi ntchito yochuluka yoti agwire: kufotokozera anthu za khunyu, malungo okwera kumutu, sitiroko ndi mphenzi, kuima pambuyo pa mfumu ikakana kuitanitsa sing'anga wosaka mfiti, kuperekeza agogo kupolisi nyumba yawo isanagwetsedwe. Kuveka mwana chipewa cha mfiti sikuli pamndandanda umenewo.

Wotsutsayo angabwerenso n'kufunsa kuti kodi Gule amene mwamutchulayu sachita zomwezo, kuseka zimene anthu amaopa? Amatero ndithu, ndipo amatero mwaluso. Simoni wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, Maliya amene amayenda monyang'wa, zilombo zotengera galimoto, zonsezi zikusonyeza kuti anthu amene anakhometsedwa msonkho ndi kulalikiridwa kuti za makolo awo n'zamdima anapeza njira yoseka amene sakanatha kuwayankha pamaso. Beni, imene inatengera zovala ndi kaguba kwa asilikali a atsamunda, inachitanso zofanana. Koma taonani kumene kuseka kumeneku kwaloza. Kwaloza kwa wamphamvu, kwa bwana, kwa mlendo wolamula, kapena kwa khalidwe loipa la munthu wathanzi lake, chidakwa, mlesi, wosakhazikika pabanja. Kumachitikanso pabwalo lodziwika, atsabwalo alipo, mfumu yoti ikayankhe zikalakwika ilipo. Chovala cha mfiti chaloza pansi, kwa munthu amene alibe womuyankhira, ndipo kuseka kotero pa Chichewa ndi chitonzo.

Palinso ena amene amatulukira mbali ina. Iwo amati bwanji kutengera za azungu pamene tili ndi zathu. Ngati ana akufuna zigoba, avale ngati Kapoli kapena Makanja. Mawuwa amamveka okonda dziko, koma pa uphungu wonse umene kholo lingalandire, woipitsitsa ndi umenewu. Gule ali ndi eni ake ndi nthawi zake: amatuluka pamaliro, pachinamwali, polonga mfumu, ndi pa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa a maiko atatu amakaonekera kwa Kalonga Gawa Undi mwezi wa Ogasiti. Mafumu achichewa eni ake akhala akudandaula ndi zilombo zongoyenda m'misewu kupempha ndalama ndi zovinitsidwa pamisonkhano yandale, ndiye kuli bwanji chigoba chovalira phwando la maswiti? Wosagula njira akasoka chotengera chakudambwe n'kuveka mwana wake, wapalamula mlandu kwa eni mwambo, ndipo mlanduwo ndi woona. Malire a Paulo aja amafika mpaka apa, chifukwa mnansi amene sumapemphera naye amakhalabe mnansi. Kunena kuti chinthu n'chachilendo, pakokha si mlandu. Chimanga chimene timati popanda icho sitinadye chinachokera ku maiko a ku America, ndipo akuluakulu anati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Chatsala ndi kudziwa chometa nako. Chimene sindikuona chifukwa chotengera ndi tsikulo. Kumeneko kumapeto kwa Okutobala ndi nthawi ya zokolola, maungu ali mbwee. Kuno maungu anatha kalekale ndipo nkhokwe zayamba kuonetsa pansi. Banja lofuna kusewera litha kusankha Khirisimasi, tsiku lotsekera sukulu kapena 6 Julayi, osataya kanthu.

Mukachotsa namapopa, mfiti, mizukwa, mafupa a akufa ndi zakudambwe, chotsala n'chambiri, ndipo ndicho chimene mwana ankafuna poyamba pomwe: kukhala wina kwa madzulo amodzi. Ana a kuno sanadikire America kuti awaphunzitse zimenezi. Pamasanje kamtsikana kamakhala mayi wa nyumba, chitsononkho chili kumbuyo, wina amakhala tambala wolira kuti kwacha, wina fisi wodzaba ndiwo. Banja lonse litha kutenga nthano imodzi n'kugawana. Wa Kalulu mumudulire makutu awiri aatali pakatoni ya sopo, m'kati mwake mupake katondo wonyowa, muwasokere pamphira ya chubu cha njinga yozungulira mutu, ndevu mujambule ndi khala, mchira ukhale kampukutu ka sanza loyera. Wa Kamba amangofuna beseni lobooka limene linasiya kalekale kutunga madzi, lomangidwa kumsana ndi chitenje, mizere yake yolembedwa ndi choko. Njovu ndi bambo: makutu a katoni yaikulu, chitamba cha mwendo wa buluku lakutha wopakiramo masanza. Telala wa pakhonde amasesa tizidutswa ta zitenje madzulo alionse, ndipo phala la kondoole limamata pepala osasiyana ndi guluu wogula. Mwana wa ku Chileka amene wakula akuona ndege zikutera akhoza kukhala woyendetsa ndege ndi malaya oyera a yunifolomu ndi timizere ta pepala pamapewa. A ku Lirangwe, kumene njanji imadutsa kupita ku Nkaya ndi ku Balaka, atatu akhoza kulowa m'makatoni olumikiza ndi luzi n'kukhala sitima yathunthu, wamng'ono akuliza mluzu patsogolo. Kutchipa ndi ubwino umodzi chabe wa chosoka pakhomo. Chogula chimabwera ndi tanthauzo losankhidwa ndi munthu amene sanamvepo za Chileka kapena Neno. Chosoka nokha chimakukhazikani pamphasa ndi mwana, n'kumufunsa kuti akufuna kukhala yani ndipo chifukwa chiyani, ndipo akatchula mfiti mumapeza mpata womuuza za agogo a kumapeto kwa mudzi aja.

Nkhope yokha ikhale poyera. Mudzi umamugwira munthu pankhope: ndi pamene timadziwira kuti uyu ndi mwana wa a uje, wosochera n'kumubweza kwawo, wolakwa n'kumuitana kubwalo. Gule amabisa nkhope chifukwa akunena kuti wafikayo si munthu. Wakuba amabisa chifukwa safuna kuyankha mlandu. Mwana wosewera alibe chifukwa chilichonse mwa ziwirizi, ndipo chisangalalo chake chonse chagona pakuti azakhali amuzindikire koma anamizire kuti sanamudziwe. Bambo wa chitamba cha buluku, nkhope ili pamtunda, palibe angamusokoneze ndi Njovu ya pabwalo la gule. Zichitike dzuwa lisanalowe, pakhomo, patchalitchi kapena pasukulu, anansi atauzidwiratu. Kuyenda khomo ndi khomo usiku kupempha maswiti kumatheka m'misewu yowala magetsi kumene nyumba iliyonse yaguliratu maswitiwo n'kumadikira ana. Kuno wogogoda usiku atabisa nkhope amakumana ndi agalu, chikwanje ndi achitetezo a m'mudzi, ndipo khomo limene lilibe ngakhale shuga wa m'phala la mawa limachititsidwa manyazi pachabe. Wogwiritsa ntchito thumba la fetereza alitsuke bwino, ndipo mwana asayandikire nalo koloboyi kapena kandulo, chifukwa likagwira moto limasungunukira pakhungu.

Banja limene chikumbumtima chake chikukana zonsezi, kaya ndi la Adventist, la Pentekoste, la Katolika kapena la Chisilamu, lisakakamizidwe, ndipo ana ake asasekedwe kusukulu. M'chaputala 14 cha kalata yake kwa Aroma, Paulo yemwe uja anasiyira munthu aliyense ufulu pa nkhani ya masiku ndi zakudya, bola asaweruze mnzake. Koma nalonso lisaloze chala khomo loyandikana nalo kuti kumeneko kwalowa usatana chifukwa mwana wamera makutu a katoni. M'dera limene linaonapo munthu akupsa chifukwa cha mphekesera, kunena mnzako kuti ndi wasatana n'koopsa kuposa chigoba chilichonse chimene telala angasoke, pakuti ndi mantha omwe aja atangosintha malaya. Abusa, mashehe ndi mafumu a kwa Kuntaja, kwa Kunthembwe, kwa Kapeni, kwa Chigaru ndi kwa Lundu, anthu akakufunsani za Halloween, musathere mpweya pa chiwanda cha m'nsalu. Auzeni kuti matenda amene mnyamata wa ku Chileka uja ankadwala ndi khunyu, kuti sapatsirana, ndiponso kuti mankhwala ake ali kuchipatala.